Goli Likachoka M'khosi

Ku Mchinji malire sali pa Mwami pokha. Pali tinjira tam'tchire tomwe mwana amawolokera ku Zambia atakwezedwa pa njinga, atamulonjeza malipiro pakutha pa chaka. Akafika, ntchito yake nkulisha ng'ombe kapena kusoka fodya. Ena sawoloka nkomwe, amathera m'maesiteti a konkuno. Apolisi akawalanditsa, ambiri afikirapo m'manja mwa ampingo, monga a Salvation Army amene anatsegula malo osamalirako ana otere m'bomali.

Izitu sizinayambe lero. Mu July 1861, David Livingstone, ali paulendo ndi Bishopu Charles Mackenzie, anamasula akapolo 84 pamudzi wa Mbame. Anthu aja anawatengera ku Magomero kuti akhale maziko a mpingo watsopano. Nkhondo ndi njala zitakula mishoni inasamuka, ndipo ena mwa opulumukawo anakathera ku Cape Town, kutali ndi manda a makolo awo.

Ku Blantyre Mission, yomwe inayamba mu 1876, zinafika poipa. Akapolo othawa ankabisala kumeneko, basi amishoni nkudzilonga ufumu: kuzenga milandu, kukwapula anthu. Munthu wina anamuwombera atamugamula kuti ndi wakupha, winanso anafa ndi zikoti. Andrew Chirnside ataulula zonsezi mu 1880, mpingo wa ku Scotland unachotsa m'busa Duff Macdonald ndi anzake awiri. Sikuti anali zilombo ayi. Anabwera ndi chifundo, kungoti anayamba kuona ngati munthu amene wam'masula ndi wako.

Lero chikoti kulibe. Lamulo la 2015 lothana ndi mchitidwe wogulitsa anthu limati malo osungirako opulumuka azivomerezedwa ndi boma. Koma lamulo silifika paguwa, abale. Sililowa m'kachipinda momwe mwana wachisilamu akumufunsa za ubatizo nsima ili patebulo. Akana bwanji, poti bulangete lomwe wafunda ndi lawo? Pemphero alandire akalifuna yekha. Mbiri yake aifotokoze kwa mlangizi, chitseko chotseka. Ndipo ntchito yaikulu, yosaoneka pachithunzi, ndi kufufuza kwawo nkuona ngati amene anam'pereka si malume ake omwe akumudikira pakhomo.

Ndinapempherako pa tchalitchi china pomwe anaimika mtsikana wopulumuka kuti achitire umboni. Alendo anatulutsa mafoni nkumajambula. Iye ankangoyang'ana zala zakuphazi, mpingo wonse uli m'manja wawawa. Pobwerera kukakhala anaphonya benchi lake, nkutulukira khomo lakumbuyo.