Amene Anayankha Mafunso a Ana m'Dziko la Marávia

Dziko la Marávia, limene dzina lake lichokera kwa Amaravi akale, lili pakati pa malire a Zambia kumpoto ndi nyanja ya Cahora Bassa kummwera, ndipo boma lake lili ku Fingoè. Akhristu a dzikoli anakhala nthawi zambiri osaona wansembe. Nanga ndani anali kuyankha ana awo pamene anafunsa za Mulungu?

Pakati pa ansembe amene anakhazikika pafupi ndi dzikoli panali Ajezuiti, amene anamanga mishoni ya Miruru, cha ku Zumbo, m'zaka za m'ma 1890. Boma latsopano la Portugal litawathamangitsa m'chaka cha 1910, ena mwa iwo anaoloka Luangwa nakakhala ku Kapoche ndi ku Katondwe. Ansembe a ku Germany amene analowa m'malo mwawo anachotsedwanso chifukwa cha nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Motero akhristu anazindikira msanga kuti wansembe angathe kuchotsedwa, koma katekisimu woloweza pamtima palibe angamlande.

Pangano la 1940 pakati pa Papa ndi Portugal linatsegula njira yakuti sukulu za ana achikuda zikhale m'manja mwa mamishoni. Maphunziro anali m'Chipwitikizi, koma za chipembedzo zinaloledwa m'chinenero cha anthu. Choncho mwana amene anavutika ndi Chipwitikizi m'mawa, madzulo anamva za Mulungu m'mawu a amayi ake. Pambuyo pake Abambo a Burgos, ochokera ku Spain, anagwira ntchito ku Uncanha, ndipo m'chaka cha 1962 Tete inakhala dayosizi payokha. Masiku amenewo mafunso ovuta a anyamata ndi atsikana anali a kumudzi: kodi wolowa gule angabatizidwe? Kodi wokana nsembe za mizimu wanyoza makolo ake? Mphunzitsi wa katekisimu, pokhala mwana wa mudzi womwewo, ndiye anasenza mafunsowa.

Nkhondo yomenyera ufulu inalowa m'chigawo cha Tete m'chaka cha 1968. Anthu anasonkhanitsidwa m'midzi yolondedwa ndi asilikali, ena nathawira ku Zambia. Ufulu unadza pa 25 June, 1975, koma patangopita mwezi umodzi boma linatenga sukulu ndi zipatala za mamishoni. Tsopano ana anamva kusukulu kuti chipembedzo ndi mdima wa anthu osaphunzira, ndipo anabwera nalo kunyumba funso limene agogo awo sanalimvepo: kodi Mulungu alikodi?

Msonkhano waukulu wa Mpingo wa ku Mozambique umene unachitika ku Beira m'chaka cha 1977 unaika mtima pa miphakati, kuti akhristu eni ake agawane ntchito: wina kutsogolera mapemphero a Lamulungu, wina kuphunzitsa ana, wina kuyendera odwala ndi kuika maliro. Ambuye Paulo Mandlate, Episkopi wa Tete kuyambira 1976 kufikira 2009, anaweta dayosizi m'zaka zimenezo. Nkhondo yapachiweniweni itakula, misewu inatsekeka. Pa 30 October, 1985, Ajezuiti awiri, Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Moreira, anaphedwa ku Chapotera m'dziko la Angónia. Anthu ambiri a m'malire anathawiranso ku Zambia, ena nakakhala ku Ukwimi, kumene panthawiyo kunali m'boma la Petauke.

M'nthawi yonseyo ambiri mwa amene anayankha ana sanali ophunzira kwambiri. Yankho lawo linali korona wa madzulo, ubatizo wa khanda lodwala, ndi ulendo wa kumaliro ngakhale njira inali yoopsa. Mwana woona agogo ake akugwada, pamene kugwada kunalibe phindu lililonse pamaso pa anthu, anali ndi chifukwa chofunsiranso bwino. M'mera mpoyamba.

Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 October, 1992, ndipo othawa anabwerera ndi ana obadwira kuchilendo, ambiri odziwa kale mapemphero. Achinyamata a masiku ano ali ndi mafunso awoawo: za kuchuluka kwa mipingo, za machiritso, za zimene awerenga pa foni. Mwana wofunsa sanataye chikhulupiriro. Chimtayitsa ndicho kusowa munthu wamkulu womumvetsera mofatsa, wodziwa katekisimu wake, ndi wa moyo wogwirizana ndi mawu ake. Marávia sanasowe anthu otere pa nthawi ya mfuti. Zingakhale zachisoni kuwasowa pa nthawi ya mtendere.