Mwala wa Tanzanite ndi Phunziro la Mgodi Wathu wa Kabwe

Tsiku lina pa Sondo, titatsiriza msonkhano wathu wa acinyamata, mbale wina amene akonzekera ukwati ananditengera pambali. Anandionetsa cithunzi ca mphete yokhala ndi kamwala ka buluu konyezimira. Wamalonda wina, wa aja amene amabwera ndi katundu kucokera ku Dar es Salaam pa sitima ya TAZARA, anamuuza kuti mwalawo ndi tanzanite, kuti upezeka pa malo amodzi okha pa dziko lonse lapansi, ndipo kuti ukadzatha pansi mtengo wake udzakwera kawiri kapena katatu. Mbale wathuyo anali wokonzeka kutenga kaloba kuti agulire mphete imeneyi bwenzi lake. Anandifunsa kuti, "Kodi acimwene, ndigule?"

Sindinamuyankhe pomwepo. Ndinayamba ndafufuza mbiri ya mwala umenewu, ndipo zimene ndinapeza ndaona kuti ndi bwino ndikuuzeni nonse, cifukwa zifanana kwambiri ndi mbiri ya mzinda wathu uno.

Kumene unacokera

Wamalonda uja sananame pa cinthu cimodzi. Tanzanite amakumbidwa pa mapiri a Merelani okha, pafupi ndi mzinda wa Arusha kumpoto kwa Tanzania, pa kadera ka makilomita pafupifupi 7 m'litali ndi 2 m'lifupi. Unadziwika m'caka ca 1967. Mabuku ambiri amati amene anayamba kulembetsa malowo ku boma anali Manuel d'Souza, telala wa ku Arusha wocokera ku Goa, amene anali kufunafuna miyala ina. Koma boma la Tanzania limalemekeza Jumanne Ngoma monga munthu amene anaupeza, ndipo mu 2018 Pulezidenti John Magufuli anampatsa mphatso ya mashilingi 100 miliyoni. Taganizani, panali patapita zaka 51!

Akatswiri ataupima anapeza kuti unali mtundu wa mwala wodziwika kale, dzina lake zoisite. Mu 1968 kampani yogulitsa zokongoletsera ya Tiffany ya ku New York inafuna kuyamba kuugulitsa, koma inaona kuti dzinalo pa Cingelezi limveka ngati mawu otanthauza kudzipha. Ndani angagulire mkazi wake mphete ya dzina lotero? Cotero anaupatsa dzina latsopano locokera ku dzina la dziko, nalengeza kwambiri m'manyuzipepa. Anthu olemera a ku America ndi ku Ulaya anayamba kuulimbirana.

Palinso cina cimene ogulitsa sakonda kunena. Miyala yambiri imatuluka pansi ili yofiirira ngati botolo, ndipo amacita kuiwocha pa moto wa madigiri 500 kapena 600 kuti isanduke ya buluu. Yambiri ikakumbidwa imapita ku Jaipur m'dziko la India kukasemedwa, ndiye kuti phindu lalikulu ligwera kunja.

Kukwera ndi kugwa kwa mtengo

Boma la Julius Nyerere linatenga migodiyo mu 1971, koma nchito sinayende bwino ndipo okumba mwakuba anaculuka. Mu 1990 boma linagawa malowo m'zigawo zinayi, zina za makampani, zina za okumba ang'onoang'ono. Okumba ang'onoang'onowa amatsika m'maenje akuya ndi opanikiza. Mu Epulo 1998 mvula yamphamvu inadzaza maenje ndipo anthu makumimakumi anafera pansi. Tsoka lomweli linabweranso mu Marichi 2008.

Kumapeto kwa 2001 nyuzipepa ina ya ku America inalemba kuti zigawenga zinali kupeza ndalama pa malonda a tanzanite. Masitolo akuluakulu, pamodzi ndi Tiffany yemwe, analeka kuugulitsa, ndipo mtengo unagwa. Mu February 2002 boma la America linanena kuti silinapeze umboni wa nkhaniyo, ndipo malonda anayambanso. Onani, mwala sunasinthe, koma mtengo unatsika ndi kukwera cifukwa ca zolankhula za anthu okhala kutsidya la nyanja.

Pofuna kuletsa ozembetsa, Magufuli analamula asilikali kumanga mpanda wa makilomita 24 kuzungulira migodiyo, ndipo unatha mu 2018. Mu June 2020 Saniniu Laizer, Mmasai woweta ng'ombe amene analinso ndi mgodi waung'ono, anatulutsa miyala iwiri yolemera makilogalamu 9.27 ndi 5.1, ndipo boma linaigula pa mashilingi 7.74 biliyoni. Dzina lake linamveka dziko lonse. Koma maina a anthu zikwi zambiri amene akumba kwa zaka osapeza kanthu sitiwamva.

Ife a ku Kabwe tizidziwa kale

Mwina mufunsa kuti zonsezi zitikhudza bwanji ife. Tiyeni tikumbuke kumene tikhala. Mu 1902 Mzungu wina, T. G. Davey, anapeza miyala ya mtovu ndi zinki pano, napatsa malowo dzina la Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906. Makolo athu anabwera kucokera ku Chipata, ku Petauke, ku Nyasaland ndi kumpoto kudzagwira nchito. Mgodi wathu unatulutsanso vanadium, yemwe ndi cinthu comweco cimene cipatsa tanzanite mtundu wake wa buluu.

Nafenso tinali ndi miyala yosowa. Mwala wa tarbuttite unayamba kudziwika pa dziko lapansi kucokera mu mgodi uno, koma dzina lake ndi la mkulu wina wa kampani, Percy Tarbutt. Mu 1921 anchito anafukula cigaza ca munthu wakale kwambiri, cimene cinatengedwa kupita ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ku London. Dzina la mzinda linasinthidwa kukhala Kabwe titalandira ufulu, ndipo mgodi unatsekedwa mu 1994.

Nanga cinatsala nciani? Atate athu ambiri anataya nchito. Phiri lakuda la zotsalira za mgodi linatsala, ndipo acinyamata anzathu akhala akukumbamo kufuna zogulitsa. Mtovu unatsala m'dothi la ku Kasanda, ku Makululu ndi ku Chowa, ndi m'magazi a ana. Mu 2006 ndi 2007 bungwe la Blacksmith Institute linaika Kabwe pakati pa malo khumi oipitsidwa kwambiri pa dziko lonse. Kwa zaka pafupifupi 90 cuma cinakwera sitima kupita kunja. Conco munthu akatiuza kuti mwala wocokera pansi udzatilemeretsa, ife tiyenera kukhala oyamba kufunsa kuti, udzalemeretsa yani?

Ndiye tigule kapena ai?

Mbiri imeneyi itiphunzitsa zinthu zitatu.

Coyamba, kusowa kwa mwala sikutanthauza kuti wogula mphete adzapindula. Amene agula mphete m'sitolo amalipirira wokumba, wosema, wonyamula ndi wogulitsa. Tsiku limene udzafuna kuigulitsa cifukwa mwana wadwala, udzaipereka kwa yani pano pa Kabwe? Golide ali ndi mtengo wodziwika tsiku ndi tsiku, koma tanzanite mtengo wake ndi womvana ndi wogula, ndipo wogulitsa ali pa mavuto sakhala ndi mawu.

Caciwiri, mwalawu ndi wofewa. Pa sikelo imene akatswiri apimira kulimba kwa miyala, dayamondi ali pa 10, pamene tanzanite ali pakati pa 6 ndi 7. Mcenga wamba uli pa 7. Ndiye kuti mlongo wosesa pabwalo ndi kutsuka mapoto ndi mcenga adzaukanda mwalawo, ndipo ukagunda pa cinthu colimba ungathe kusweka. Uyenera ndolo kapena mkanda wovala pa zikondwerero, osati mphete ya masiku onse.

Cacitatu, onyenga ndi ambiri. Galasi la buluu lifanana kwambiri ndi tanzanite kwa munthu wosadziwa. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Popanda kalata ya akatswiri opima miyala, wogula agula m'thumba.

Sindinena kuti kuvala zokongola ndi chimo. Miyala imeneyi anailenga ndi Mulungu, ndipo Baibulo likamba za miyala ya mtengo wapatali pa covala ca mkulu wa ansembe pa Eksodo 28. Amene ali ndi ndalama zake, wopanda nkhongole, ndipo afuna mwalawu cifukwa ca kukongola kwake basi, angagule kwa wogulitsa wodziwika. Koma kuyamba banja ndi kaloba cifukwa ca lonjezo la wamalonda wongodutsa ndi kumanga nyumba pamwamba pa dzenje la mgodi.

Sondo yotsatira ndinamufotokozera mbale uja zonsezi. Ndinamupempha kuti akawerenge 1 Petro 3:3-4 pamodzi ndi bwenzi lake, ndi kuti akamufunse iye mwini cimene afuna, pakuti mpaka pamenepo anali asanamufunse. Mlongoyo anati mphete wamba imkwanira, koma afunitsitsa makina osokera. Inunso m'magulu anu kambiranani nkhaniyi, ndipo funsani agogo amene anagwira nchito mu mgodi kuti akuuzeni zimene anaona. Ambuye akudalitseni nonse.