Mtsempha Woyera wa M'chifuwa ndi Anthu Amene Anautulukira

Lero tikambirana mbiri ya mtsempha wina wa m'thupi mwathu umene suyenda magazi, koma madzi otchedwa limfu.

Kwa zaka pafupifupi 1,400 asing'anga a ku Ulaya ankatsata chiphunzitso cha Galen, Mgiriki amene ankachiza anthu ku Roma. Iye ankati chakudya chikagayika m'matumbo chimapita kuchiwindi, ndipo chiwindicho chimachisandutsa magazi.

M'chaka cha 1622, mumzinda wa Milan, Gaspare Aselli anatumbula galu amene anali atangodya kumene. Pamatumbo pake anaona timitsempha toyera tambirimbiri, ndipo atabaya kamodzi munatuluka madzi onga mkaka. Atatumbula galu wina wosadya, timitsemphato sitinaoneke. Apo anazindikira kuti timanyamula chakudya, koma pokhulupirira Galen anati timathera kuchiwindi. Buku lake linatuluka mu 1627 mwini wake atamwalira kale.

Amene anaulondola mkakawo mpaka kumathero ake anali mnyamata wa ku France, Jean Pecquet. Mu 1651 anafalitsa zimene anapeza m'thupi la galu: mkakawo umasonkhana m'kathumba kotsamira msana kumtunda kwa mimba, kenaka umakwera ndi mtsempha umodzi kudutsa m'chifuwa, nukathira m'mitsempha ya magazi patsinde pa khosi. Chiwindi umachilambalala. Bartolomeo Eustachi wa ku Italy anali atauona mtsempha womwewo m'thupi la kavalo zaka pafupifupi 90 m'mbuyomo, koma ntchito yake sanaidziwe.

Mu 1652 Thomas Bartholin wa ku Copenhagen anaupeza mtsemphawo m'mitembo ya anthu, ndipo chaka chotsatira anasonyeza kuti timitsempha ta madzi totere tili m'ziwalo zinanso. Pokondwa, analembera chiwindi mawu apamanda, ngati mfumu imene ufumu wake watha. Koma naye Olof Rudbeck wa ku Uppsala anali ataonetsa timitsemphato kwa Mfumukazi Christina ya ku Sweden mu 1652, kotero panabuka mkangano waukulu wakuti anayamba ndani.

Nanga lero tikudziwa chiyani? Mtsempha wa m'chifuwawu ndi wotalika pafupifupi masentimita 40. Umasonkhanitsa limfu ya miyendo yonse iwiri, mimba, ndi mbali yamanzere ya chifuwa, khosi ndi mutu pamodzi ndi mkono wamanzere, nuithira m'magazi kumanzere kwa khosi, kuseri kwa fupa lopingasa lija lochokera paphewa. Mbali yamanja ili ndi kamtsempha kakekake kakafupi. Kuyera kumene Aselli anaona ndi mafuta a m'chakudya. Zakudya zina zimapitadi kuchiwindi, choncho Galen sanaphonye kotheratu. Koma magazi a munthu wamkulu amapangidwa m'kati mwa mafupa.

M'njira monsemo muli timibulu tosefa limfu ndi kugwira tizilombo. Tikatupa ndi timene ife timati mwanabere. Mu 1848 Rudolf Virchow wa ku Germany anaona kuti mwanabere wa pamwamba pa fupa lopingasa lija, kumanzere, nthawi zina amasonyeza khansa ya m'mimba. Chifukwa chake ndi njira ija ya Pecquet: nthendayo imatsata mtsempha woyera kuchokera m'mimba kufika pakhosi.

Mwanabere wodza ndi dzino lowawa kapena chilonda amaphwa nthendayo ikatha. Koma wouma, wosapweteka, wokhalitsa masabata angapo, angakhale chizindikiro cha chifuwa chachikulu kapena khansa. Wotere musamutemere mphini kapena kumuthowa. Pitani naye kuchipatala msanga akamuyeze.