Nambala ya 17,563,749 ndi munda wa agogo ku Matope

Mu Seputembala 2018, mtsikana wina wa kalembera anafika pakhomo pathu ku Matope atanyamula tabuleti. Agogo anayamba akayika kutchula anthu onse a pabanja, chifukwa makolo awo ankawauza kuti m'nthawi ya atsamunda, wolemba maina ankabwera ndi nkhani ya msonkho. Anawatchula ndithu. Zotsatira zitatuluka ku ofesi ya National Statistical Office ku Zomba, tinamva kuti m'Malawi muno tilipo anthu 17,563,749.

Monga wokonda masamu, ndinayamba kuiseweretsa nambalayi. Imathera ndi 9, choncho sigawika pawiri. Mukaphatikiza manambala ake onse mupeza 42, kusonyeza kuti imagawika ndi 3 koma osati ndi 9. Imagawikanso ndi 7. Ndiye kuti Amalawi tonse tikanatha kuima m'magulu 836,369 a anthu 21, popanda wotsala. Zosangalatsa, koma zangochitika mwamwayi: akanabadwa mwana mmodzi wina usiku wa kalembera, zonsezi zikanasintha.

Chimene mwana mmodzi sangasinthe ndi mbiri ya nambalayi. Kalembera woyamba titalandira ufulu, wa 1966, anapeza anthu 4,039,583. Mu 1977 tinali 5,547,460, ndipo mu 1987 tinafika 7,988,507. Kulumpha kumeneku kunakula chifukwa cha anthu othawa nkhondo ku Mozambique, ndipo ife a ku Neno tikudziwa bwino za msasa wa Luwani. Mu 1998 tinali 9,933,868, mu 2008 tinali 13,077,160. Pa zaka 52 zokha, tachuluka kuposa kanayi.

Pakati pa 2008 ndi 2018 tinkawonjezeka ndi 2.9 peresenti pachaka. Pali kanjira kachidule: gawani 70 ndi nambala imeneyi, mupeza zaka pafupifupi 24. Liwiro likapanda kutsika, pa zaka zimenezo tidzakhala titachuluka kawiri. Mwana amene analembedwa ali kumsana adzangomaliza koleji n'kupeza anthu ochuluka chotere pamzere wa ntchito.

Agogo sadziwa peresenti, koma masamuwa amawaona ndi maso. Munda wawo wa kufupi ndi Shire anaugawira ana atatu. Lero adzukulu tilipo khumi ndi mmodzi, ndipo mundawo sunakule ndi mzere ngakhale umodzi. Khirisimasi yapitayi, amalume awiri anasiya kulankhulana chifukwa cha malire.

Sindikunena kuti kubereka n'kulakwa. Ndikuti ife ophunzira timaloweza nambala ya 2018 kuti tikhoze mayeso, n'kuiwala kuiyika pambali pa ya 1966. Amene tidzakonze mapulani a sukulu, zipatala ndi malo tiyenera kuwerengera anthu amene akubwera, osati amene analipo tsiku la kalembera okha. Agogo anandifunsa kale kuti gawo langa ndidzalima kapena ndidzasiyira mng'ono wanga. Mpaka pano sindinawayankhe.