Mawu Ochokera Kudenga: Mbiri ya Nthambo ndi Zimkuzamawu M'nyumba



Masiku ano m'mizinda yathu muli nyumba zina zimene mmisiri, asanakhome siling'i, amayamba wayala nthambo kuchokera pabalaza kupita m'chipinda chilichonse. Pabalazapo amaikapo wailesi ya kanema ndi makina okuza mawu otchedwa ampulifaya, ndipo m'zipindamo amaboola siling'i n'kulowetsamo zimkuzamawu zozungulira ngati mbale, chilichonse ndi nthambo zake ziwiri. Akatero, mayi ali kukhitchini amamva nkhani zomwe bambo akuonera pabalaza. Ambiri amayesa kuti luso limeneli ndi la dzulodzuloli. Koma akuluakulu anati madzi saiwala khwawa: mawu anayamba kulowa m'nyumba za anthu kudzera pa nthambo wailesi isanabadwe n'komwe.

M'chaka cha 1881, pa chionetsero cha zamagetsi mumzinda wa Paris, Clément Ader anandandalika timakina ta lamya kutsogolo kwa nsanja ya oyimba, kotero kuti anthu amene anali pa mtunda wopitirira makilomita awiri anamva nyimbozo ataika kachitsulo kukhutu lililonse. Mu 1893 Tivadar Puskás anapitirira pamenepo mumzinda wa Budapest: anakhazikitsa nyuzipepala yolankhula, Telefon Hírmondó, imene inkatumiza nkhani, mitengo ya malonda ndi nyimbo pa nthambo kunyumba za olembetsa. Ntchitoyo inakhalapo mpaka 1944, pamene nkhondo inaononga nthambozo.

Vuto linali lakuti munthu ankamva yekhayekha, chitsulo chili kukhutu. Mu 1925 Chester Rice ndi Edward Kellogg a kampani ya General Electric ku America anakonza chimkuzamawu chokhala ndi maginito ndi kawaya kokulungakulunga kamene kamanjenjemeretsa pepala lolimba, ndipo pepalalo limakankha mpweya n'kutulutsa mawu omveka chipinda chonse. Zimkuzamawu zambiri za m'siling'i lerolino zikugwirabe ntchito mwa njira yomweyo.

Tsono dziko limene linayala nthambo zotere koposa onse ndi Soviet Union. Kumeneko nyumba zochuluka zedi zinali ndi kabokosi kapakhoma kolandira mawu kuchokera ku likulu limodzi. Ubwino wake unaoneka pamene asilikali a Germany anazinga mzinda wa Leningrad kuyambira 1941 mpaka 1944. Pakakhala popanda pulogalamu, nthambozo zinkatumiza kugunda kwa kachipangizo kowerengera nthawi ya nyimbo. Kakamagunda pang'onopang'ono, anthu ankadziwa kuti kuli bata. Kakafulumira, ankathamangira kobisala chifukwa ndege za adani zayandikira. Komatu kabokosi komweko kanalibe posankhira. Mwini nyumba akanatha kuchepetsa mawu kapena kuzimitsa, koma chimene amve chinkasankhidwa ndi anthu ena kutali.

Funso lakuti wosankha ndani linafikanso kwathu kuno, ngakhale kuti sipanayalidwe nthambo m'midzi. Nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inayamba mu 1941, makamaka pofuna kufalitsa nkhani za nkhondo, ndipo pambuyo pake, m'dzina la Central African Broadcasting Station, inkatumikira Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zinenero zingapo kuphatikizapo Chinyanja. Poyamba anthu akuda ambiri ankamvera pa mawailesi a gulu, oikidwa paboma kapena m'maholo, kumene wotsegula ndi wotseka anali wogwira ntchito m'boma. Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, anayesetsa kupeza kampani yopanga wailesi yoti munthu wamba n'kugula, mpaka kampani ya Ever Ready ya ku Britain inavomera. Mu 1949 inatuluka wailesi ya Saucepan Special, yozungulira ngati sefuliya, yopakidwa utoto wobiriwira ngati thambo, yoyendera batire lalikulu, pa mtengo wa mapaundi 5, batire padera. Popeza inkagwira mawu ochokera kutali, mwini wake akanatha kupotokola kabatani n'kumva maiko ena. Kwa nthawi yoyamba kusankha kunalowa m'manja mwa banja. Ndipo chifukwa wailesiyo inali imodzi pamudzi, madzulo anansi ankasonkhana pakhonde, kumva pamodzi, kenaka n'kukambirana zimene amva mpaka moto kuzilala.

Wailesi ya kanema inabwera mochedwa. Ku Kitwe inayamba mu 1961, pamene kuno ku Malaŵi Television Malawi inatsegulidwa mu 1999. Nayo inakokera anthu m'chipinda chimodzi, popeza chithunzi sichingaoneke kuseri kwa khoma. Koma mawu sanakhalitse pabalaza. Mu 2005 kampani ya Sonos inayamba kugulitsa makina otumiza nyimbo zosiyanasiyana m'zipinda zosiyanasiyana za nyumba imodzi. Mu 2012 luso la Dolby Atmos linaika zimkuzamawu kudenga kwa nyumba zoonetsera kanema, kuti mvula ndi ndege zimveke zikuchokera kumwamba, ndipo pofika 2014 linali litalowa m'makomo a anthu.

Motero nthambo ya Ader ndi Puskás yabwerera, yabisala pamwamba pa siling'i, koma tsopano likulu lake lili m'nyumba momwemo, ndipo wosankha ndi aliyense wogwira lamya ya m'manja. Ufulu umene anthu a ku Leningrad analibe, ndi umene agogo athu anaugula ndi mapaundi 5, wachuluka mpaka mwana aliyense angathe kudzitsekera m'chipinda ndi nyimbo zake. Makina omwewo angathenso kulumikiza zipinda zonse kuti banja limve chinthu chimodzi nthawi imodzi. Mmisiri adzayala nthambo monga mwamuuzira. Koma zoti madzulo mukhale pamodzi ndi kufunsana kuti mwamva bwanji, zimenezo zili kwa inu eni nyumba.