Zovuta za Zikepe za M'nyumba Zosanja ndi Kakonzedwe Kake

Pa boma la Mzimba, ngakhalenso ku Jenda, Embangweni ndi Edingeni, nyumba zambiri ndi zapansi, ndipo m'nyumba zosanja zochepa zomwe zilipo anthu amakwera pa masitepe. Komabe anthu a m'bomali sali kutali ndi chikepe. Amachipeza akapita ku Lilongwe kukazonda odwala ku chipatala cha Kamuzu Central, chomwe chidatsegulidwa m'chaka cha 1977 ndipo mawodi ake ena ali m'mwamba, kapena akakhala ndi zochita m'nyumba zazitali monga Kang'ombe House ku City Centre ndi Chayamba ku Blantyre. Enanso ambiri, maka achinyamata amene amakasaka ganyu ku Joni, amakwera zikepe tsiku ndi tsiku m'mafulati a ku Hillbrow ndi ku Berea mumzinda wa Johannesburg, komwe kuli nyumba ya Ponte City ya nsanjika zoposa 50.

Chimene anthu ambiri amaopa ndi chakuti chingwe chiduka ndipo chikepe chigwa pansi. Ngozi yotere sichitikachitika. Zovuta zambiri za zikepe zimayambira pa tinthu tating'ono monga fumbi, zitseko, magetsi ndi katundu wopyola muyezo, ndipo zimakula pamene eni nyumba aleka kuitana amisiri m'nthawi yake.

M'mene chikepe chimayendera

Zikepe za m'nyumba zili m'magulu awiri akuluakulu. Gulu loyamba ndi la zikepe zokokedwa ndi zingwe zachitsulo. Zingwezi zimadutsa pa gudumu lozunguzidwa ndi mota ya magetsi. Mbali imodzi kumalendewera kachipinda konyamula anthu, mbali inayo kumalendewera zitsulo zolemera zimene kulemera kwake kumafanana ndi kwa kachipindako kuphatikizapo pafupifupi theka la katundu amene chikepecho chimaloledwa kunyamula. Zitsulozi zimapeputsa ntchito ya mota. Gulu lachiwiri ndi la zikepe zokankhidwa ndi mafuta kuchokera pansi, monga m'mene jeke imatukulira galimoto. Izi zimayenda pang'onopang'ono ndipo zimaikidwa m'nyumba za nsanjika zochepa.

Chikepe cha zingwe chimakhala ndi zingwe zingapo, choncho kuwonongeka kwa chimodzi sikugwetsa kachipinda. Palinso chida choyeza liwiro. Chikepe chikayamba kutsika mothamanga kuposa muyezo, chidachi chimakoka mabuleki apadera omwe amaluma njanji za m'mbali ndi kuimitsa kachipindako. Nzeru ya mabuleki otere adaionetsa kwa anthu ndi Elisha Otis mumzinda wa New York m'chaka cha 1854, pamene adalamula kuti adule chingwe cha nsanja imene iye adaimapo koma nsanjayo sidagwe. Chikepe choyamba chonyamula anthu m'sitolo chidaikidwa mumzinda womwewo m'chaka cha 1857, ndipo Werner von Siemens wa ku Germany adapanga chikepe choyendera magetsi m'chaka cha 1880.

Zitseko

Gawo limene limavuta kawirikawiri ndi zitseko, chifukwa zimatseguka ndi kutsekeka pa ulendo uliwonse. Chikepe chidapangidwa kuti chisanyamuke ngati chitseko cha pa nsanjika ina iliyonse sichidatsekeke bwino. Motero kamwala, chitsekerero cha botolo kapena mchenga wounjikana m'kangalande momwe chitseko chimatsetsereka ndi zokwanira kuimitsa chikepe chonse. Timaso tamagetsi timene timazindikira munthu pakhomo tikadetsedwa ndi fumbi, chitseko chimangotseguka ndi kubwerera. Chizolowezi chotsekereza chitseko ndi phazi, katoni kapena trolo chimapinda timawilo ndi kumasula lamba wa mota ya chitseko. Kukonza kwake ndi kusesa kangalandeko, kupukuta timasoto, kuwongola zitseko ndi kusintha timawilo totha.

Magetsi

M'dziko muno vuto lachiwiri ndi magetsi. Zikepe zambiri zimafuna magetsi a mawaya atatu, ndipo waya mmodzi akafooka kapena kuzima, chida chotetezera mota chimadula mphamvu nthawi yomweyo. Magetsi akazima, mabuleki a mota amagwira okha ndipo chikepe chimaima pamene chili, ngakhale pakati pa nsanjika ziwiri. Kuzimazima ndi kubwera mwamphamvu kwa magetsi, pamodzi ndi ziphaliwali za m'dzinja, kumatenthanso timabolodi ta kompyuta yoyendetsa chikepe. Vutoli lidakula m'chaka cha 2022 pamene namondwe wa Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko lidataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130 kufikira m'chaka cha 2023.

Nyumba yokhala ndi chikepe imayenera kukhala ndi jenereta yolumikizidwa ku chikepecho, chida chotetezera ku magetsi obwera mwamphamvu, komanso mabatire amene amayendetsa chikepe kufika pa nsanjika yapafupi ndi kutsegula chitseko magetsi akazima. Mabatirewa amafooka pakapita zaka zochepa, choncho amafunika kuyesedwa kawirikawiri.

Kuima molakwika, phokoso ndi kugwedezeka

Chikepe chikamaima mokwera kapena motsika kuposa pansi pa nsanjika, ndiye kuti mabuleki atha, zingwe zatamuka kapena zida zozindikira nsanjika zasuntha. Pa chikepe cha mafuta, izi zimasonyeza kuti mafuta akudontha kapena atentha kwambiri. Kusiyana kwa masentimita ochepa kumakhumudwitsa okalamba ndipo kumalepheretsa njinga ya munthu waulumali kapena bedi la wodwala kulowa.

Phokoso la kukhulana kwa zitsulo ndi kugwedezeka zimachokera ku njanji zouma zosowa girizi, mabering'i otha, kapena gudumu limene mizere yake yadyeka. Zingwe zikayamba kuonetsa dzimbiri kapena timawaya tothothoka, amisiri amasintha zonse pamodzi kuti zinyamule katundu mofanana.

Nyengo nayo imathandizira. Fumbi la m'chilimwe limalowa m'chipinda cha makina, kutentha kwa mu Okutobala kumazimitsa kompyuta ngati chipindacho chilibe mpweya wokwanira, ndipo m'dzinja madzi amadzadza dzenje la pansi pa chikepe. Makoswe nawo amatafuna mawaya.

Katundu wopyola muyezo

M'chikepe chilichonse muli chikwangwani chosonyeza kulemera kololedwa. Chikepe cha makilogalamu 630 chimanyamula anthu 8, ndipo cha makilogalamu 1,000 chimanyamula anthu 13, powerengera munthu mmodzi makilogalamu 75. Muyezo ukapyola, chikepe chamakono chimalira ndi kukana kunyamuka. Kunyamuliramo matumba a simenti, mchenga kapena mipando yolemera kumafupikitsa moyo wa mabuleki ndi zingwe.

Zoyenera kuchita mukatsekeredwa

Munthu wotsekeredwa m'chikepe adekhe, adine batani la belu kapena aimbe foni pa nambala yolembedwa m'katimo, kenako adikire. Mpweya sutha chifukwa kachipindako kali ndi mipata yolowera mphepo. Asakanule zitseko ndipo asayese kutuluka chikepe chili pakati pa nsanjika, pakuti anthu ambiri amene amavulala kapena kufa pa zikepe amagwera m'dzenje, kapena amapanidwa chikepe chikanyamuka mwadzidzidzi magetsi atayaka. Alonda ndi ogwira ntchito m'nyumbamo asatsegule zitseko ndi kiyi wapadera pokhapokha ngati adaphunzitsidwa, ndipo choyamba ndi kuzimitsa magetsi a chikepecho. Moto ukabuka m'nyumba, aliyense atsike pa masitepe.

Chifukwa chake kukonza kumachedwa

Zikepe zimene zili m'dziko muno zimachokera kunja, ku makampani monga Otis ya ku America, Schindler ya ku Switzerland ndi Kone ya ku Finland. Zipangizo zake zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo mitengo idakwera ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amisiri a zikepe ndi ochepa ndipo ambiri amakhala ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kuwonjezera apo, chikepe chikatha zaka 20 kapena 25, zipangizo zina zimakhala kuti zidaleka kupangidwa, kotero pamafunika kusintha kompyuta, mota ndi zitseko.

Malamulo ndi udindo wa eni nyumba

Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu m'malo antchito la m'chaka cha 1997 limapereka udindo kwa olemba ntchito kuti makina awo akhale osaopsa, ndipo unduna wa za ntchito uli ndi mphamvu zoyendera malowo. Lamulo la anthu aulumali la m'chaka cha 2024, lomwe lidalowa m'malo mwa la 2012, limafuna kuti anthu aulumali azitha kufika m'nyumba zotumikira anthu. Chikepe chakufa chimatsekereza kunja munthu woyenda pa njinga, mayi woyembekezera ndi wodwala amene ayenera kupita naye m'mwamba pa machira.

M'dziko la Britain lamulo limati chikepe chonyamula anthu chiziunikidwa mokwanira miyezi 6 iliyonse. Eni nyumba a kuno angachite bwino kutsata muyezo wotere, kukhala ndi mgwirizano ndi kampani yodziwa ntchitoyi kuti izibwera mwezi ndi mwezi, ndi kusunga buku lolembamo vuto lililonse ndi zimene zakonzedwa. Pamene nyumba zosanja zikuwonjezereka ku Mzuzu ndi m'matauni ena a chigawo cha kumpoto, makhonsolo monga ya M'mbelwa ayenera kufunsa womanga aliyense wofuna kuika chikepe za amene azidzachikonza, komwe zipangizo zizidzachokera, ndi ndalama zimene wapatula pa ntchitoyo chaka chilichonse, asanavomereze mapulani ake.