Funk ya m'Chinyanja: pomwe Tyler anatola mawu aja

Anzanga, mukuikumbukira "Noid" ya Tyler, the Creator? Inatuluka mu Okutobala 2024, ndipo ine ndinayamba kuimvera pometera tsitsi kuno ku Salisbury Lines, magetsi atangoyaka. Pakati pa Chingerezi chonse chija panamveka Chinyanja. Tinayang'anana. Wina anati ndi za AI izi. Ayi aise, mawu amenewo ndi a Paul Ngozi, m'nyimbo ya "Nizakupanga Ngozi" ya pa chimbale cha 45,000 Volts chomwe gulu la Ngozi Family linatulutsa ku Zambia mu 1977.

Dzina lake lenileni anali Paul Dobson Nyirongo. Inde, Nyirongo, ngati anzathu omwe tinkakhala nawo desiki imodzi. Anabadwa mu 1949 ndipo ankaimba Chinyanja cha m'makomboni a Lusaka.

Kuti mumvetse komwe kaimbidweka kanachokera, tibwerere ku Disembala 1970, pomwe James Brown, mfumu ya soul ndi funk, anakaimba ku Lusaka ndi ku Ndola. Funk mukaimvetsera bwino, woyendetsa nyimbo si woimba ayi, koma besi ndi ng'oma. Mphamvu yonse imagwera pa kugunda koyamba, gitala n'kumangokanda pang'onopang'ono ngati ikuthandiza wa ng'oma. Kwa munthu wokulira pa ng'oma za kumudzi, zimenezi sizinali zachilendo kwenikweni. Nthawiyo mkuwa unkayenda malonda, m'matauni a migodi munali ndalama, ndiye anyamata ankatha kupeza magitala amagetsi komanso malo oimbira. Anatenga besi ya James Brown, phokoso la gitala ya Jimi Hendrix ndi kayendedwe ka nyimbo za kwawo, n'kutuluka chomwe chimatchedwa Zamrock. Kunena zoona, Zamrock yambiri ndi rock. Koma tamverani pansi pake, funk ilipo.

Gulu lomwe linatchuka kwambiri ndi WITCH la ku Kitwe, lomwe patsogolo pake pankaima Emmanuel "Jagari" Chanda. Chimbale chawo cha Lazy Bones!! chinatuluka mu 1975, chaka chomwenso Amanaz anatulutsa Africa. Panalinso Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga. Kenako Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pawailesi zikhale za ku Zambia. Taganizani DJ akusowa choika ngati inu simunajambule! Ndipo chofunika kwambiri pa nkhani yangayi n'chakuti ku Ndola kunali fakitale ya Teal yodinda malekodi.

Zinatha msanga. Mtengo wa mkuwa unagwa, nkhondo ya ku Rhodesia inabweretsa lamulo loletsa kuyenda usiku, mashoo anachepa. WITCH inasintha n'kuyamba disco pa chimbale cha Movin' On mu 1980, chomwe kwa ine ndiye funk yeniyeni ya gululi. Kenako kunabwera Edzi, oimba ambiri anapita. Paul Ngozi anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 zokha. Jagari anakathera kokumba miyala yamtengo wapatali.

Koma malekodi aja sanafe. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inawatulutsanso, anthu akunja anayamba kuwafuna, Jagari anabwerera pasiteji, ndipo mu 2023 WITCH inatulutsa chimbale chatsopano, Zango. Lero mnyamata wa ku California akhoza kuipeza nyimbo ya Nyirongo pakangodina kamodzi.

Nanga kwathu kuno? Musaganize kuti akuluakulu athu ankangogona. Anyamata a ku Blantyre nawonso ankaimba za kunja m'mahotela ndi m'maholo. Kungoti malo anali othina. Malamulo a kavalidwe a m'ma 1970 analetsa amuna tsitsi lalitali ndi amayi mathalauza, bungwe loona zoyenera kumvedwa linkasefa nyimbo, ndipo wailesi inali imodzi, MBC. Ngakhale zinali choncho, Kalimba inatipatsa "Sometimes I Wonder" yomwe agogo ndi amalume amaiimbabe mpaka pano. Wambali Mkandawire, yemwe anatisiya mu Januwale 2021, anayambira ku Sounds Pentagon, gulu lomwe linkaimba nyimbo za kunja, iye asanatembenukire ku jazz ya Chitumbuka. Ndipo konkuno ku Mzuzu, Body Mind & Soul ya Street Rat inapambana mpikisano wa Music Crossroads ku Harare mu 2007 n'kukaimba ku Ulaya chaka chotsatira.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti ife fakitale ya malekodi tinalibe. Nyimbo zambiri za m'ma 1970 zinkajambulidwa ku situdiyo ya MBC pa matepi akuluakulu ozungulira, kuti zizimveka pawailesi basi. Lekodi imadindidwa yambiri, ina ikasweka ina imapezeka m'sutikesi ya munthu ku Kitwe. Tepi ya kuwailesi nthawi zambiri imakhala imodzi, ndipo chinyezi sichiimvera chisoni. Ife a ku Salisbury Lines chinyezi timachidziwa.

Ndiye musanabwere kukalabu Loweruka, funsani kunyumba ngati kuli makaseti kapena malekodi akale, ngakhale oti chikuto chinang'ambika. Wailesi ya kaseti ndabwereka kale kwa amalume. Mabatire ndiye tisonkherana.